Munda wa Mayi Esitere

Zipora adanyamuka m'mudzi wina kuseri kwa Nathenje dzuwa litalowa kale, akukankha njinga yophwa tayala kulowera kwawo ku Mitundu. Kumaso adali atavalabe magalasi a bungwe lolemba minda, aja ukayang'ana munda amakujambulira malire m'maso momwemo, ukayang'ana munthu n'kumuzinga nkhope ndi kabokosi kobiriwira.

Anthutu ankawathawa magalasiwo. Masana aja mayi Esitere, amasiye, adafunda chitenje kumutu n'kukuwa, "Zoonera anthu m'kati mwa zovalazo, ine toto!" Mlamu wawo Gilbert ndiye adaima nganganga, kuloza malire, munda n'kulembedwa m'dzina lake. Zipora, ndi kutopa kwakeko, adangotumiza ku ofesi osafunsa.

Atafika pa nkhalango ya manda, mphepo idaleka. Nkhululu nazo zii.

Kumbuyo... phazi lokwekwereza.

Adacheuka. Bambo wamtali, wotsimphina, khasu paphewa. Usiku uno khasu? Adadikira kabokosi kaja. Sikadabwere. Magalasi ankangoonetsa msewu.

"Mwana wanga," adatero bamboyo, "mpoza wa m'malirewo ndidabzala ndine. Munda ndi wa Esitere. Fufutani."

"Pepani bambo... zikapita ku ofesi sizifufutika. Ine ndilibe mphamvu."

"Ndiye ana anga adya chiyani?"

Zipora adavula magalasi. Bambo uja ali pomwepo! Adavalanso. Msewu wokha! Njinga gwa! Liwiro lake sadalidziwe.

Kutacha adaimbira ku ofesi, akuchonderera mpaka misozi. Adamuyankha kuti madandaulo amamvedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi, komanso wodandaulayo aime yekha pamaso pa magalasi. Mvula n'kuti itayamba kale kugunda.

Adabwerera kumudzi kuja mtima uli m'malere. Adapeza mayi Esitere ataima m'mbali mwa munda, manja kumutu, kwinaku Gilbert akuunda mizere kudutsa pa mpoza paja. Zipora adagwada n'kufotokoza zonse, za khasu, za mwendo wotsimphinawo.

"Wakumanzere?" adafunsa mayiwo.

"Eya, mayi."

Mayi Esitere adakhala pansi m'fumbi momwemo. "Amenewo ndi a Wilson, amuna anga. Tidawaika m'manda omwewo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Inu ndi magalasi anuwo, mpaka kudzutsa ogona!"

Khasu la Gilbert silidaime.