Dothi la Pakhomo pa aNamaseko

Maynard adatsika pa lole ya mbatata pa Tsangano nthawi itadutsa kale naini koloko usiku. Kumsana adabereka chikwama chachikulu ngati thumba la feteleza, chosokedwa timbendera ta mayiko khumi ndi limodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitatha chichokereni kwawo, kuseri kwa phiri, mtunda wa maola awiri wapansi.

Golosale imodzi yokha ndiyo inali isanatseke. Mwini wake, Umar, adamugulitsa mabatire a tochi uku akuyang'ana chikwamacho.

"Achimwene, gonani pakhondepa mulawire mawa. Anjinga zamoto safikako kuseriko usiku, ngakhale muwanyengerere bwanji."

"Akuopa chiyani?"

"Kamlatho ka mitengo kaja. Ine kuno ndine mlendo, ndimangomva kuti pamakhala gogo wina wosuzumira anthu kumsana."

Maynard adaseka. Munthu woti adadutsa chipululu cha Sudan atakhala pamwamba pa lole, nagona m'masiteshoni a sitima ku India, lero aope nkhalamba ya kwawo? Adathokoza, namanga lamba wa chikwama pamimba, n'kulowa mumdima.

Ndikuuzeni za mnyamata ameneyu, ndipo ndinene poyera kuti chisoni changa pa iye n'chochepa. Adachoka akuti akukaona dziko kwa chaka chimodzi basi. Adadzera ku Tanzania, Kenya, Ethiopia mpaka Egypt, kenako n'kuwoloka nyanja kupita ku Turkey. Akafika pamalo ankatsuka mbale m'nyumba zogona alendo, akapeza ya thiransipoti n'kuberekanso chikwama. Chaka chija chidabala zaka.

Tsiku lonyamukalo mayi ake, aNamaseko, adagwada pakhomo penipeni pa nyumba, nakanda dothi ndi mpeni. Anali mayi wojintcha, wa mawu omveka kutsidya kwa dimba, ndipo chala chawo chaching'ono chakumanja chinali chopindika chifukwa chidapanidwa ndi ngolo ali mtsikana. Ndi dzanja lomwelo adamanga dothilo m'kansalu kofiira.

"Ukafika dziko lachilendo uzitsinako pang'ono n'kuthira m'madzi akumwa, kuti madzi a eni ake asakudwalitse," adatero. "Koma usalimalize. Lotsalalo udzandipatse m'manja mwangamu ndidzalibwezere pomwe ndalichotsa. Pakhomo pakakhala pobooka ine sindigona tulo."

Adatsinadi ku Tanzania, adatsina ku Kenya. Koma ku Turkey anzake a paulendo, achinyamata ochokera m'mayiko ozizira, adakaona kansaluko namufunsa ngati ndi mankhwala a kwa sing'anga. Adaseka mpaka kugwira m'mimba. Mwana wa aNamaseko manyazi adamugwira, ndipo pofuna kuti asaoneke wakumudzi adakhuthulira dothi lonse m'nyanja, iyenso akuseka nawo. Kansaluko adakasunga kuti azipukutira galasi la foni. Taganizani!

Ali ku India udafika uthenga wa mlongo wake Aida: "Amayi akutsokomola magazi. Bwerani achimwene." Iye adayankha kuti akangoona mapiri a ku Nepal abwera. Foni idabedwa m'sitima, adagula ina, koma nambala ya Aida sadaifunefune. Mwezi uliwonse manyazi ankakula, ndipo manyazi akakula ankathawira dziko lina. Tsopano, patatha zaka zitatu chilandirireni uthenga uja, ankapita kukagwada pamaso pa mayi ake. Pemphero lake linali limodzi lokha, lakuti awapeze ali moyo.

Unali mwezi wa Juni, chisanu cholowa mpaka m'mafupa. Atangopitirira minda ya mbatata, nkhungu idatsika m'phiri n'kuphimba njira. Tochi inkangoonetsa masitepe atatu kutsogolo. Agalu a pa Tsangano adamveka kwa kanthawi, kenako adaleka. Adatsala akumva nsapato zake zokha ndi kulira kwa malamba a chikwama.

Adamva madzi. Kamlatho.

Pamutu pa kamlathoko panali chinthu chakuda, chonyonyomala. Adaimika phazi. Chinthucho chidatukula mutu pang'onopang'ono... Anali gogo, wofunda bulangete mpaka kumaso, woonda ngati bango. Mapazi anali pabwalo, opanda nsapato, pa chisanu chonsecho.

"Wawa, gogo," adatero Maynard.

Gogoyo adapendeketsa mutu n'kusuzumira kumsana kwake.

"Ambiri adutsa pano," adanong'ona ndi mawu okwecheka, ngati a munthu amene pakhosi padaperepeseka. "Onse opanda chikwama."

"Ndachokera kutali, gogo. Ndine mwana wa aNamaseko. Kodi ali bwanji?"

"Akudikira."

Mtima wa Maynard udakhala pansi, misozi n'kulengeza m'maso. Akudikira, ndiye kuti alipo. Adafuna kufunsa zambiri, koma gogoyo anali ataimirira kale n'kutsogola.

Adakwera pa mitengo ija. Nsapato za Maynard zinkati gu, gu, gu, kamlatho konse kakugwedera. Kutsogolo kwake kunali zii. Adadziuza kuti n'chifukwa gogoyo ndi wopepuka, komanso alibe nsapato.

Adayamba chitunda. Iye ankapuma wefuwefu, mpweya wake ukufuka m'kuwala kwa tochi ngati utsi. Adawalitsa kwa gogoyo. Pa bulangetelo sipankatuluka kanthu. Nkhalamba ikukwera chitunda chotere, osapuma?

"Gogo, kwanu ndi kuti?"

"Pafupi."

"Nanga usiku uno pamlatho paja mumatani?"

"Tulo sitibwera."

Adayenda. Chikwama chidayamba kulemera. Malamba ankadya m'mapewa. Njira idachepa, udzu wonyowa ukumukwapula m'mawondo, ndipo mpamene adazindikira kuti mphambano ya kumudzi aisiya kumbuyo. Pamwamba pake panali nthambi. Mitengo ikuluikulu, imene nkhwangwa siikhudza. Adatsitsa tochi pansi.

Mtumbira. Wina apo. Mtanda wathabwa wopendekeka...

Anali pakati pa manda.

Tochi idayamba kufiira. Mabatire atsopano! Adaimenya pachikhatho, koma idangophethira. Gogo uja adaima pafupi ndi mtumbira wina n'kutembenuka. Kumaso kunali mdima wokhawokha. Bulangete lidatseguka pang'ono, ndipo dzanja lidatuluka, chikhatho chili m'mwamba.

"Dothi lija."

Maynard adaganiza kuti mwina mayi ake adauza mudzi wonse za kansaluko. Apa ndiye panali poti munthu agwade, aulule, alire. Koma wabodza sasowa chonena ngakhale pamanda.

"Lili... lili pansi penipeni pa chikwama, gogo. Ndikapereka ndekha kwa eni ake kunyumba."

"Lilipo?"

"Lilipo."

"Lonse sudamalize?"

"Ayi."

Gogoyo adausa moyo, kuusa kwautali, kwa munthu amene watula mtolo.

"Wachita bwino, mwana wanga. Tsogola. Ndidzalilandirira pakhomo."

Tochi idawala komaliza, ndipo kuwalako kudagwera padzanja lija. Chala chaching'ono... chopindika!

Mdima.

Adathamanga. Minga. Chitsa. Adagwa, adadzuka, chikwama chikumumenya m'khosi. Sadacheuke. Adaboola m'munda mwa eni ake, nalumpha ngalande, mpaka adaona mibulugamu ya kwawo ikuda m'nkhungu. Nyumba ya mayi ake inali pomwe adaisiya. Pofika pakhomo phazi lidalowa m'kadzenje, n'kugwera pachitseko ndi phewa.

"Aida, tsegula. Ndine Maynard."

Mkati mudamveka machesi. Chitseko chidatseguka pang'ono, ndipo Aida adatukula koloboyi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anali atakalamba kuposa zaka zake. Sadamukumbatire. Adangopatuka kuti alowe, n'kubwezera mpiringidzo.

"Amayi ali kuti?" adafunsa Maynard, maso ali pachitseko cha kuchipinda.

"Mukufunsa lero, achimwene?" Aida adaika nyali pansi. "Amayi tidawaika zaka zitatu zapitazo, mwezi ngati uno. Padangopita masabata awiri nditakulemberani uthenga uja."

Maynard adatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, chikwama chili kumsana.

"Sadapite bwino," Aida adapitiriza, mawu ali pansipansi. "Usiku womaliza ankakwawira pakhomo apa n'kumapapasa kadzenje kamene mwapunthwapo. Ankati sagona mpaka mwana wawo awabwezere dothi lawo. Ife tamatapo ndi dothi lina, tathirapo ndi simenti yomwe, koma kukacha kadzenje kali pomwepo. Anthu adasiya kudutsa pamlatho dzuwa likalowa. Ine ndikapita kuchigayo amayi anzanga amasuntha. Zaka zitatu, achimwene, mayi anga akugona pachisanu ngati alibe ana."

Adagwada patsogolo pake n'kumugwira bondo. Nkhope yake idafewa koyamba, ndipo zimenezi zidamupweteka Maynard kuposa mawu onse aja.

"Koma mwabwera. Zina zonse ndakukhululukirani. Tulutsani dothilo, mawa tikaitane amalume tikawagoneke amayi."

Maynard adamasula chikwama. Adayamba kutulutsa katundu mmodzimmodzi, ngati kuti akachedwetsa china chake chisintha. Nsalu yowala ya ku India imene adagulira mayi ake. Kabelu kamkuwa ka ku Nepal. Timiyala tosalala ta m'mphepete mwa nyanja zitatu. Pasipoti yodzaza zidindo mpaka tsamba lomaliza. Dziko lonse adaliyala pamkeka, ndipo pansi penipeni panali kansalu kofiira, kopindidwa bwinobwino.

Aida adakatenga ndi manja awiri, nakafunyulula pafupi ndi nyali. Adakatembenuza. Adakakung'untha pachikhatho. Sipadagwe ngakhale kafumbi.

"Achimwene..."

"Ndawauza kuti lilipo," adanong'ona Maynard. "Kumanda kuja. Akhulupirira."

Lawi la koloboyi lidagona cham'mbali, ngakhale mphepo munalibe. Kunja kunalibe phazi lomwe lidamveka. Koma pansi pa chitseko, pamene panali kadzenje paja, china chake chidayamba kupapasa dothi pang'onopang'ono. Kenako chidaleka, ndipo adamva mawu okwecheka aja, ofatsa, a munthu amene wadikira nthawi yaitali ndipo akudziwa kuti lero agona.

"Odi, mwana wanga. Ndabwera kudzalandira."