Zilembo za Kuseri kwa Z

Nkhaniyi sindinaipeke. Anandiuza ndi mayi Vailet Mbewe, amene anakalambira ku Kapata, ndipo a Abednego Soko, omwe anali mkulu wa mpingo masiku amenewo, anaivomereza yonse kupatula chaka. Mayiwo ankati zinachitika mu 1957, a Soko ankati mu 1958. Chimene anagwirizana n'chakuti inali nthawi ya Chitaganya, tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson.

Mwamuna wa Vailet, Gerson Mbewe, anabwerako ku migodi ya ku Wankie mwendo wamanzere utapunduka. Khasu silinkamuyanjanso, pomwe pakhomo panali ana awiri ofuna kudya. Sukulu anailekezera Sitandade 2 ku Tamanda, kotero kuwerenga ankadziwa, ndipo pensulo ankaigwira bwino ndithu. Atasowa chochita anapita kwa mkulu wina wa ku Kapata komweko, a Bonifasi Sakala, amene ankalemba zikwangwani za masitolo a Amwenye ndi mayina pa zitseko za malole, n'kuwapempha kuti amuphunzitse ntchitoyo.

A Sakala anali munthu wouma thupi, wosachulutsa mawu, ndipo chifuwa chawo chinkaliza mluzu akamapuma chifukwa cha penti wa zaka zambiri. Ankakhala okha. Ntchito ankagwirira m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yawo, kopanda zenera, kuwala kumangolowera pakhomo ndi m'mabowo a misomali. Anauza Gerson kuti azibwera masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene iwo ankapumula.

Mwezi woyamba Gerson sanakhudze penti. Anapatsidwa burashi ya ubweya wautali ndi chitini cha madzi, kuti azilemba mizere pa simenti. Mzere ukauma, wina. Burashiyo inkamuvuta kwabasi: akaipanikiza inkayanza ubweya, akaipeputsa mzere unkaduka. Zikatero a Sakala ankaika pansi ndudu yawo yopichira n'kumugwira pamkono ndi zala zitatu, chala chachikulu chili pa mtsempha.

"Pensulo umakankha, iyi umakoka," ankatero. "Yambira pamwamba, ugwire mpweya, ukapumire pansi."

Atayamba zilembo, ankapita chimodzichimodzi, osadumpha. Chilembo cha A chinamutengera masiku asanu. O chinamudyera masabata atatu, chifukwa chinkatuluka ngati dzira lopondedwa. Mkuluyo sankayamikira, akakhutira ankangopukuta thabwa n'kutchula chilembo chotsatira. Ankati ntchito yosiyira panjira ndi bodza. Gerson anali atangomaliza R, m'mwezi wa Okutobala, pamene a Sakala anapezeka atauma pampando wawo m'mawa wina. Abale awo ochokera ku Chiparamba atamaliza za maliro anauza Gerson kuti atenge maburashi, ndipo kanyumbako azigwiritsa ntchito kufikira atagwirizana za malowo.

Patapita sabata anakalowamo kuti adziphunzitse yekha S. Pakhomo anapeza nanzikambe akukumba pansi. Anaimirira pang'ono, koma njala siopa malodza, analowa. Chitseko anachiimika ndi njerwa, n'kusungunula penti wakuda. Anayesa kasanu, S akutuluka wothyoka msana.

Panja nyenje zinkalira ngati nthawi zonse, malata akuthetheka ndi dzuwa. Mwadzidzidzi zonse zinangoti zii. Kenako linabwera fungo la fodya wopichira. Gerson sankasuta. Anamva njerwa ija ikukhukhuluzika pa simenti pang'onopang'ono, chitseko n'kutsekeka. Kunatsala timadontho ta kuwala kwa m'mabowo a misomali. Kumbuyo kwa khutu lake kunalira kamluzu. Kanaleka. Kanaliranso.

Zala zitatu zinamugwira pamkono. Zinali zozizira.

Dzanja lake linakwera lokha, linakhota, linatsika, linakhotanso. Anafuna kutaya burashi, zala zinakana. Anangolemba, thabwa n'kudzaza, chomaliza n'kutuluka chokongola ngati cha mwini ntchito. Apo zala zija zinamasula, nyenje zinayambiranso, ndipo chitseko chinatseguka atangochikhudza.

Mawa lake analumbira kuti sapitako. Koma dzuwa litafika paliwombo, dzanja lake lamanja linafumbata lokha ngati lagwira burashi, ululu n'kukwera mpaka m'phewa. Anapirira kanthawi, thukuta lili kamukamu, kenako anangoona ali m'njira, akutsimphina kulowera kukanyumba kuja. Madzulo anamuuza mkazi wake zonse. Vailet anati mwina mkuluyo akungofuna kumaliza zimene anayamba, poti zilembo zatsala zisanu ndi ziwiri zokha. Apirire, zikatha mkuluyo adzapita kukagona. Gerson anagwira mawu amenewo monga munthu womira amagwirira udzu.

Anapirira. T, U, V, mpaka Z, tsiku lililonse chimodzi, chitseko chili chitsekere kufikira chilembo chitakhoza. Tsiku la Z Vailet anapha nkhuku, ndipo Gerson anaseka koyamba chichitikireni maliro.

Masana otsatira dzanja linafumbatanso.

Analowa m'kanyumbamo. Bata lija, fungo lija, zala zija. Burashi inayambira pansi kukwera m'mwamba, chinthu chimene a Sakala ankaletsa ali moyo. Inapinda ngati mbedza, n'kubwerera m'mbuyo, n'kudzidutsa yokha.

"A Sakala," ananong'ona Gerson, "zilembo zinatha dzulo."

Kamluzu kaja kanaleka. Mawu anatulukira pafupi kwambiri, ochepa ngati mpweya.

"Zatha ndi zanu."

Vailet anakaitana a Soko. Iwo anatenga thabwalo n'kukaonetsa Mmwenye wina wa sitolo amene ankadziwa zilembo za kwawo ndi za Chiluya. Mmwenyeyo anapukusa mutu. Anakaonetsanso wansembe wina wophunzira kwambiri, yemwe analitembenuza mbali zonse n'kunena kuti chotere sanachionepo. Tsiku lina a Soko anapita kukanyumbako ndi Baibulo kuti alowe limodzi ndi Gerson, koma chitseko chinawatsekekera pamphuno. Chinalibe loko, chinalibe mpiringidzo. Anakankha awiri ndi Vailet, sichinasunthe. Ataika khutu pa lata, a Soko anamva burashi ikukhwekhwereza pathabwa, ndi anthu awiri akupuma.

Vailet anaponya maburashi onse m'chimbudzi. Gerson analemba ndi chala choviika m'penti. Anathawira kwa mlongo wake wa Vailet kumudzi, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole, koma masana atakwana anagwada pabwalo anthu akuona, n'kumalemba m'fumbi mpaka chala kutuluka magazi, osatha kudzuka. Ana a m'mudzimo ankafunsana kuti akusuta fodya ndani. Anabwerera ku Kapata patapita masiku atatu. Kukanyumba kuja kunalibe omuyang'ana.

Choopsa china anachizindikira m'tchalitchi. Atatsegula buku la nyimbo anaona mawu ali ndi mipata. Paliponse pamene panayenera kukhala A panali kachinthu kachilendo, ngati phazi la nkhuku. Anayang'anitsitsa, osachikumbukira. Sabata yotsatira mipata inachuluka. Chilembo chatsopano chikalowa, chakale chimodzi chinkachoka. Anayamba kuwerengera masiku pa zala, akudziwa kumene akupita. Zikwangwani za m'tauni zimene ankazisirira zija zinasanduka zokandakanda. Potsiriza anatenga chitupa chake cha ku Wankie n'kuyang'ana pamene ankadziwa kuti pali dzina lake. Panalibe chimene anachizindikira.

Anali ataonda, dzanja lamanja silinkatambasukanso ngakhale m'mawa, ndipo ankadya ndi lamanzere ngati wopanda mwambo. Tsiku la chilembo cha makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi anatuluka msanga. Anapeza Vailet akumudikira pansi pa mtengo wa mango.

"Make Dolika, mutenge ana mupite kwa amayi anu."

"Chifukwa?"

"Akuti mawa tilumikiza zilembo."

Vailet anatumiza ana kwa mnansi, koma iye mwini anakana kuchoka. Mawa lake masana anamuperekeza mpaka pakhomo la kanyumbako n'kukhala pansi, msana atatsamira lata.

M'katimo Gerson anagwada pathabwa latsopano. Nyenje zinaleka. Fungo linadzaza. Zala zinamugwira, koma tsiku limeneli sizinali zitatu. Dzanja lina linamugwira pachigongono. Lina paphewa. Kumbuyo kwake kunali kupuma kwa anthu ambiri, opanikizana, odikira. Sanatembenuke. Anagwira mpweya. Chala chinatsika.

Chilembo choyamba. Chachiwiri.

Malata anasiya kuthetheka. Kunazizira.

Chachitatu. Chachinayi. Chachisanu.

Wina anausa moyo, ngati munthu amene watula katundu. Manja onse anamasula pamodzi.

Chitseko chinatseguka chokha. Vailet atasuzumira anaona mwamuna wake atakhala pansi, akuyang'ana chikhatho chake chili chotambasuka. Fungo la fodya kunalibe. Pathabwa panali mawu amodzi, penti akali wonyowa.

"Ndalemba," anatero Gerson, "koma sindikumva chimene akunena."

Vailet sanapondepo m'kalasi chibadwire. Ngakhale dzina lake ankadinda ndi chala. Koma atangoyang'ana thabwalo anawerenga mawuwo nthawi yomweyo, monga munthu amamvera akamuitana. Anagwira pakamwa. Kenako anatembenuza thabwalo kuti liyang'ane kukhoma, anadzutsa mwamuna wake, n'kupita naye kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo dzanja la Gerson silinafumbatenso. Kuwerenga sikunabwerere, ngakhale ana ake anayesa kumuphunzitsa atakula. Anaphunzira kusoka nsapato, ndipo anakhala zaka zambiri pakhonde la sitolo ina, mpaka anamwalira ndi chibayo ali nkhalamba. Anamufunsa mkazi wake kangapo kuti pathabwa paja panalembedwa chiyani, iye osamuuza. A Soko atapita kukanyumba kuja m'mawa wotsatira tsiku lija anapeza matabwa onse a zilembo ali momwemo, koma la mawu lija palibe, ndipo Vailet analumbira kuti sanalikhudzenso.

Nanenso ndinawafunsa mayiwo, tili pakhonde pawo akusenda mtedza. Anati mwini mawuwo sanali Gerson, komanso sanali iwo, koma munthu wina. Atatero anasiya kusenda n'kundiyang'ana kwa nthawi yaitali. Anandifunsa dzina la bambo anga ndi mudzi wa kwathu. Nditawauza, anatola lichero lawo, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.