Tinsomba Tosathawa Munthu

Kansomba kakaona chithunzithunzi cha munthu kamathawa, ngakhale mwana amadziwa zimenezi. Koma m'dziwe la Teleza, mayi wothyola tiyi ku Khwethemule, tiana ta makumba tinasiya kuthawa. Iye akaima m'mbali, ito tinkangoyandama kukamwa kuli yasa, kumazungulira malo amodzi ngati taledzera. Akakowa ankangotitola ngati mtedza.

Madzulo nkhungu ikatsika kuchokera m'minda ya esiteti, m'madzimo munkamveka phwa, phwa, phwa, timilomo tikufuna mpweya.

Pofika tsiku lachitatu, manong'onong'o anali atadzaza m'mizere ya tiyi. Ankati apongozi ake a Teleza, a Anesi, amasiye ochokera ku Changata amene anatsatira mwana wawo kuchikamwini, amaonedwa m'bandakucha polowera madzi m'dziwemo, manja ali bii, akulodza nsombazo. Abale a Teleza sanachedwe kugamula: Lamlungu mayiyo apakire, azipita kwawo. Kwawo kwake kuti, poti nyumba inagwa kalekale?

"Bambo a Mwai, mayi anu akuthamangitsidwa, inu muli duu?" Teleza anafunsa mwamuna wake Winston, amene ankagwira ntchito kugalaja ya esiteti.

"Ndine mkamwini ine, ndinene chiyani?" anayankha akuyang'ana pansi.

Teleza sanali munthu womvera zam'maluwa. Lamlungu lomwelo, tambala woyamba atalira, anakabisala m'tiyi wonyowa ndi mame. Kunali zii, kupatula phwa, phwa wa tinsomba tija. Kenako kunamveka kwe, kwe, kwe, chitsulo chikupala chinthu pang'onopang'ono. Munthu wofunda nsalu mpaka kumutu anali atagwada m'matope. Teleza anayatsa tochi ya foni.

Anali a Anesi ndithu, mpeni kudzanja ili, chiguduli kudzanja linalo, akupala matabwa otsekera madzi. Pamwamba pa madzi pankanyezimira mafuta amitundumitundu, ndipo fungo lake linali lomwe lija Winston amabwera nalo madzulo.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Zimitsani, apongozi," ananong'ona. "Mwana wanga anapaka matabwawa oyilo wakutha wa thirakitala kuti asawole, monga amachitira ndi mitengo ya khola poopa chiswe. Oyiloyo anachita kuzembetsa kugalaja. Zikamveka, ntchito yatha. Ine ndakalamba kale, ndisiyeni ndipite."

Teleza anapsa mtima mpaka misozi. Masiku onsewa mwamuna wamkuluwamkulu ankadya, kugona, mayi ake akutchedwa mfiti! Analowa m'madzi, anazula matabwa onse atatu, n'kuwasenza pamutu, oyilo akuchuchira m'khosi.

Anapeza abale ake atasonkhana kale pabwalo. Katundu wa a Anesi anali atamangidwa m'chitenje pakhonde. Teleza anaponya matabwawo pansi, khu!

"Nayi mfiti yanu. Nunkhizani nonse. Ine sinditchula munthu, koma amayiwa akachoka pano, ndichoka nawo."

Malume ake anawerama, ananunkhiza, anakwinya mphuno. Maso onse anatembenukira kwa Winston pang'onopang'ono. Iye anayang'ana zikhadabo zake zakuda, kenako chitenje chija. A Anesi ankamupukusira mutu kuti akhale chete.

"Masulani katunduyo, amayi," anatero Winston. "Ndinapaka ndine."