Rosita ndi Tambala wa mu Shapa

Rosita adali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Lifidzi. Adali ndi mlongo wake, dzina lake Kondani. Kondani adali khanda la miyezi isanu.

Sikola itatsekera, abambo ake adamuitana.

"Loweruka tipita ku Ulongwe," adatero abambo. "Tikacheze kwa titiya ako, azakhali ako a Anita."

Rosita adalumpha ndi chimwemwe. Adali asanapiteko ku Ulongwe. Ankafuna kupita msangamsanga.

Loweruka lidafika. Rosita adadzuka m'mamawa. Adasamba. Adavala diresi lake lachikasu. Adaima pakhomo.

"Tiyeni!" adatero Rosita.

"Dikira, Rosita," adayankha amayi. "Kondani akuyamwa."

Rosita adadikira.

"Tiyeni tsopano!"

"Dikira, Rosita. Kondani wanyowetsa thewera."

Rosita adadikiranso.

"Amayi, tiyeni!"

"Dikira, Rosita. Kachipewa ka Kondani kasowa."

Dzuwa lidakwera. Kumsewu kudamveka shapa, minibasi yonyamula anthu. Idalira, pii! pii! Kenaka idadutsa. Idawasiya.

Rosita adatupa masaya. Adaponda pansi, di! di!

"Kondani, Kondani, Kondani basi!" adakuwa.

Kachipewa kadapezeka pansi pa mphasa. Onse adanyamuka. Amayi adabereka Kondani ndi kapulana. Abambo adasenza thumba la nyemba za titiya. Rosita adapatsidwa chikwama cha Kondani.

Chikwamacho chidali cholemera. Mudali matewera. Mudali bulangete. Mudali sopo, mafuta ndi timalaya tinayi.

"Mwana mmodzi, katundu yenseyu!" adadandaula Rosita. "Mwiniwake sanyamula kanthu. Iyenso ndi wonyamulidwa!"

Abambo adaseka. Rosita sadaseke.

Adadikira pamsewu nthawi yaitali. Kunja kudatentha. Kenaka shapa ina idaima.

"Tamugwira Kondani, ndikwere," adatero amayi.

Rosita adamugwira. Kondani adamuyang'ana. Adayasamula kakamwa. Bwuu! Adabzikula mkaka. Mkaka udatsikira pa diresi lachikasu.

"Amayi! Taonani diresi langa!"

"Pepa, mwanawe. Liuma."

Rosita adakwiya kwambiri. Adaluma mano.

Mu shapa mudali anthu thothotho. Pazenera padatsala malo amodzi. Rosita adawaona.

"Pamenepo ndikhala ine!" adatero.

"Iyayi, pakhala amayi ako," adatero abambo. "Kondani amafuna mphepo."

Amayi adakhala pazenera, Kondani ali pamiyendo. Abambo adapanikizika kumbuyo. Rosita adakhala pansi, pa thumba la nyemba. Adayang'anizana ndi maondo a amayi.

Shapa idanyamuka. Rosita sankaona mapiri. Sankaona minda. Ankaona maondo okhaokha. Adapinda manja, ali ndwii.

Pafupi ndi amayi padakhala abambo ena. Adavala chipewa chofiira. Dzina lawo lidali a Alcides. Pamiyendo pawo padali dengu. Dengulo lidali lovindikira ndi chiguduli.

Mwadzidzidzi Kondani adalira. Ng'aa! Ng'aa!

Amayi adamupatsa bere. Kondani adakana.

Amayi adamuvula kachipewa. Kondani adalirabe.

Amayi adamuimbira kanyimbo. Kondani adakhala chete pang'ono. Kenaka adaliranso. Ng'aa! Ng'aa! Ng'aa!

"Ndimadziwa ine," adanong'ona Rosita. "Kondani waononga ulendo wonse."

A Alcides adatseka makutu.

"Amayi, mutontholetseni mwanayo!" adakalipa. "Makutu athu agontha!"

"Pepani, abambo," adatero amayi. "Sindikudziwa chamuvuta."

"Pepani, ndi khanda," adatero abambo a Rosita, ali kumbuyo.

Kondani adalira kwambiri. Nkhope yake idafiira. A Alcides adamenya denga la shapa, pha! pha!

"Amotorista, imani!" adakuwira woyendetsa shapa. "Amayi awa atsike ndi mwana wawoyo! Akwere shapa ina!"

Amayi adazolika. Maso awo adalengeza misozi. Rosita adaona misoziyo. Nayenso adayang'ana pansi.

Pamenepo adaona kaphazi ka Kondani. Kadali lende, pafupi ndi dengu. Pa dengupo padali chibowo. Pachibowopo padatuluka mutu. Mutu wa lipombo lofiira!

Jo! Mutuwo udajompha kachala ka Kondani. Kenaka udabwerera m'dengu.

Ng'aa! adalira Kondani.

Rosita adatong'ola maso. Mutu udatulukanso. Jo! Jo! Kachala kadali psuu.

Mtima wa Rosita udatentha. Udatentha kuposa m'mawa. Udatentha kuposa pamsewu paja. Rosita adaimirira.

"Amayi anga satsika!" adakuwa. "Kondani sadalakwe! Walakwa ndi tambala wanu!"



"Mwana iwe, ukunena ine?" adafunsa a Alcides.

 Rosita sadakhale pansi.

"Ee, ndikunena inu, abambo. Tambala wanu akujompha mlongo wanga. Ndamuona ndi maso angawa."

"Bodza! Tambala wanga ali mtulo."

A Alcides adaloza dengu. Adaika chala pachibowo.

"Taona, mulibe phokoso m'menemu. Tambala wanga ndi wofa…"

Jo!

"Mayo ine!" adakuwa a Alcides. Adaika chala m'kamwa.

Anthu onse adaseka. Amotorista adaseka mpaka adaimitsa shapa. Koma Rosita sadaseke. Adagwira kaphazi ka Kondani ndi manja onse awiri.

"Inu ndinu aakulu, koma mwalira," adatero Rosita. "Nanga iye? Taonani kachala kake!"

A Alcides adayang'ana kachalako. Adachita manyazi. Adavula chipewa chawo.

"Pepani, amayi," adatero. "Ndalakwa ndine. Pepa, kamwana. Iwenso mtsikana, pepa."

Amayi adapukuta kachala ka Kondani. Adakapaka mafuta. Adakauzira, fuu, fuu.

A Alcides adatseka chibowo ndi chipewa chawo. Kenaka adaimirira.

"Khala apa, pafupi ndi mlongo wako," a Alcides adauza Rosita.

Rosita adakhala pampando. A Alcides adakhala pa thumba la nyemba. Maondo awo adafika m'chibwano.

"Amayi, ndipatseni Kondani," adatero Rosita.

Amayi adamupatsa. Rosita adamukulunga mapazi ndi bulangete. Kondani adasisima pang'ono. Kenaka adagona.

Shapa idanyamukanso. Idadutsa minda ya chimanga. Idadutsa mlatho. Rosita sadayang'ane kunja. Maso ake adali pa dengu. Dengu likagwedezeka, Rosita ankati, "Iwe! Ndikukuona!"

Adafika ku Ulongwe masana. Kudali magalimoto ambiri. Kudali njinga zamoto zambiri. Abambo adagulira Rosita mabolasha, mabisiketi otsekemera. Rosita adadya awiri. Ena adasungira titiya.

Titiya Anita adawaona ali patali. Adathamanga, akululutira.

"Alendo anga afika! Rosita, wakula chonchi? Nanga uyu ndiye Kondani?"

Titiya adayala mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi. Onse adakhala pamthunzi. Abambo adafotokoza za tambala. Titiya adaseka mpaka adagwira nthiti.

"Ndiye wakwiyabe, Rosita?" adafunsa amayi.

"Pang'ono," adayankha Rosita. "Diresi langa likununkha mkaka."

"Ndikuchapira pompano," adatero titiya. "Ndi dzuwa ili, liuma msanga. Koma poyamba ndipatse mwanayo, ndimunyamuleko."

Titiya adatambasula manja. Rosita sadapereke Kondani. Adayang'ana uku. Adayang'ana uko.

"Titiya, pakhomo pano pali tambala?"

"Alipo awiri."

"Ali kuti?"

"Ali kuseri kwa nyumba."

Rosita adaganiza pang'ono. Kenaka adapereka Kondani mosamala.

"Munyamuleni," adatero. "Koma mapazi ndigwira ndine."

Titiya adanyamula Kondani. Rosita adakhala pambali pawo. Adagwira timapazi tonse tiwiri. Kondani adadzuka. Adagwedeza tizala take m'manja mwa Rosita. Rosita adamva kunyerenyetsa.

Adayesa kutupa masaya. Adalephera. Adaphulika kuseka.