Amene Ankamwa Madzi a Mayi Fatu

Mayi Fatu, ogulitsa samusa pamsika wa Chinsapo, ankatunga madzi pa kiyosiki madzulo aliwonse, n'kudzaza mgolo wawo wa pakhonde, n'kuuvundikira ndi beseni. Lamlungu lina m'mwezi wa Okutobala, atadzuka mbandakucha kuti asambe asanaswali, adapeza mgolo uli theka, beseni lili pansi. Kuchokera pakhondepo mpaka kuseri kwa bafa dothi lidali lonyowa, ngati padakwawa chinthu chotuluka mumtsinje.

Wakuba madzi amabwera ndi chigubu. Koma apa panalibe pamene padakhala chigubu. Padali mapazi opanda nsapato, atapondaponda malo amodzimodzi.

Fatu ankakhala okha m'chipinda chomaliza pa mdadada wa nyumba za lendi. Adachokera ku Mangochi, ndipo pa pulotiyo Msilamu adali iwo okha. Eni nyumba, Mayi Vaileti, ankakhala m'nyumba yaikulu yakumaso ndi mwana wawo Queen, mtsikana woti wangomaliza Fomu 4, woimba kwaya. Fatu atakadandaula za madziwo, Vaileti sadasiye n'kuchapa komwe.

"Ndiye mukuti akuba ndife? Madzi enieniwa? Ngati pano pakuvutani, nyumba zilipo zambiri mu Lilongwe muno."

Sabata yotsatira mgolo sudakhudzidwe mpaka Loweruka. Usiku umenewo magetsi adazima, ndipo malata ankatulutsabe kutentha kwa masana. Nyimbo za kumabala zitaleka, Fatu adamva phokoso pakhonde. Lidali la mano, lokukuta pang'onopang'ono, ngati munthu akupera mchenga m'kamwa. Kenaka kupuma kwa befu. Kenaka kumeza, kumeza, kumeza, kosalekeza kuti mwini wake akokeko mpweya.

Adasuzumira pamng'alu wa chitseko. Mumdimamo mudali chinthu chogwada, mutu uli mumgolo. Chidadzuka, madzi akuchucha, n'kuyamba kugwedezeka uku ndi uku, manja m'mwamba, chikuvina nyimbo imene panalibe wina ankaimva. Fatu adagwira foni kuti ayatse tochi, koma sadaiyatse. Adakhala pansi atatsamira chitseko mpaka kudayera.

Masiku omwewo Queen adayamba kudwala matenda osadziwika. Pakati pa sabata ankangogona, osadya, akulira popanda womuputa. Amayi ake akamufunsa ankawalalatira, mwana amene kale sankatukula mawu. Milomo yake idang'ambika, m'masaya mwake mudali zilonda zodziluma. Lachisanu likafika ankadzuka, n'kusamba, n'kunena kuti akupita kokaphunzira nyimbo.

Manong'onong'o adayambira pa kiyosiki. Ena ankati mtsikanayo amatengedwa usiku kukagwiritsidwa ntchito. Ena ankati wadyetsedwa kanthu. Amene adatchula dzina adali Zebedee, mnyamata wometa tsitsi pakona, yemwe shopu yake inkadzaza achinyamata tsiku lonse.

"Muwafunse a Fatu kuti samusa zimene zija amaikamo chiyani," ankatero uku akupukuta makina. "Munthu wodzuka anthu ali m'tulo, n'kumayankhula chinenero chosamveka. Mwana uja matenda ake ali pakhonde paja."

Samusa zidayamba kubwerera kunyumba zosagulidwa. Fatu akapereka moni, azimayi ankayang'ana kumbali, n'kukokera ana awo kumbuyo. Kukangoda, miyala inkagwa padenga pawo. Vaileti adawaimitsa Fatu pampanda.

"Chimene mwamuchita mwana wanga, muchichotse. Sindikubwerezanso."

"Amayi a Queen, ine ndili ndi Mulungu. Chinthucho chimabwera kwa ine, sindichiitana."

"Ndiye mwavomera kuti chilipo."

Loweruka lotsatira Fatu adakhala kuseri kwa chitseko atagwira mpini wa khasu. Adali atatopa ndi mantha. Mano aja atayamba kukukuta, adatsegula n'kuyatsa tochi.

Adali Queen. Diresi lidamumatirira pathupi, nsagwada zikuyenda zokha, ndipo maso ake adali akuda bii, ngati mabowo. Sadaphethire ndi kuwala kwa tochi. Adamwetulira, n'kuwakumbatira Fatu mwamphamvu, munthu amene masana sankawapatsa moni. Thupi lake linkatentha ngati chiwaya chochoka pamoto, mtima ukugunda mpaka Fatu ankaumva pachifuwa pawo.

"Anti, ndimakukondani," adanong'ona. "Musawauze amayi. Ndikamwa madzi kunyumba akhoza kumva. Ludzuli silikutha, anti. Mutu ukufuna kuphulika."

Adasanza madzi okhaokha, miyendo idafooka, ndipo adagwa n'kuyamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa. Fatu adakuwa.

Anthu adatuluka ndi matochi, n'kupeza mayi wa samusa atagwada m'matope, mutu wa mwana wa eni nyumba uli pamiyendo pawo.

"Mwaona nokha," adatero Zebedee, amene adatulukira kumsewu. "Tinkanena ife."

Wina adawamenya Fatu khofi, wina adawakoka mpango kumutu. Chidawapulumutsa n'chakuti galimoto ya neba idafika, anthu n'kutanganidwa ndi kunyamula Queen. Fatu adakwawira m'nyumba n'kukhoma.

Queen adamwalira kuchipatala tsiku lotsatira masana. Madzulo ake, nyimbo za maliro zitayamba kunyumba yaikulu, munthu adagogoda pawindo lakuseri la Fatu. Adali Promise, mnzake wa Queen wa kukwaya, maso atatupa.

"Anti, si inu," adanong'ona. "Ndi timapilitsi. Amati ekisitase. Timagula kwa Zebedee tikamapita kumapate. Ukamwa umamva ngati aliyense ndi m'bale wako, umavina osatopa. Koma pakapita masiku umangofuna kufa. Queen anayamba kumwa tiwiritiwiri chifukwa kamodzi sikankamugwiranso."

"Nanga madzi anga?"

"Thupi limatentha kwambiri. Tinkauzana kuti ukamwa madzi ambiri sufa. Adokotala anena kuti madzi omwewo anachuluka m'thupi, ubongo unatupa. Anatinso mapilitsi amenewa ngakhale wogulitsa sadziwa zimene anasakanizamo. Ine ndinali pomwepo."

"Ukanene zimenezi pagulu."

Promise adabwerera m'mbuyo. "Andipha, anti. Bambo anga ndi mkulu wampingo." Ndipo adazimirira kuseri kwa mpanda.

Kutacha Fatu adafunda chitenje kumutu n'kuzungulira kukhomo lakukhitchini la nyumba yaikulu. Kumaso anyamata ankakhoma tenti, Zebedee akuwalamula. Fatu adapeza Vaileti ali okha, atakhala pa mpasa, akuyang'ana khoma. Fatu adagwada, n'kupepesa maliro, n'kunena zonse zimene adamva, osatchula Promise.

Vaileti adamvetsera mpaka kumapeto. Nkhope yawo sidasinthe.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza, amayi."

"Adokotala anandiuza ndili ndi makutu anga awiri. Palibe chachilendo mwandiuza."

"Ndiye muwauze anthuwa. Ana ena akumwabe. Ineyo andiwotchera m'nyumba."

Vaileti adatembenuka koyamba. Mawu awo adali otsika, osanjenjemera.

"Mwana wanga alowa m'manda ndi yunifolomu ya kwaya, abusa akumuyamikira. Mukufuna anthu azidutsa pakhomo pano n'kumati apa ndi pamene pankakhala wa mankhwala ozunguza bongo? Mwana wolodzedwa amaliridwa. Inu muli ndi kwanu kobwerera. Iye watsala ndi dzina lokha."

"Amayi a Queen..."

"Tikamachokera kumanda, anyamata aja adzakhala atamwa, ndipo ine sindidzawaletsa. Chipinda chija ndichipeze chopanda munthu."