Zimene Kalondolondo Anasunga

Tsiku limene Teleza anakumana ndi Peterson, kompyuta ya mu ofesi inali itakana kuyaka kuyambira m'mawa. Unali mwezi wa Disembala, chaka cha 2008, mvula ili pakati, tiyi ataphukira minda yonse ya pa esiteti. Teleza, kalaliki wa zaka makumi awiri ndi ziwiri wochokera ku Masambanjati, anali atakhala manja ali m'masaya, mulu wa mapepala oti ataipe uli patsogolo pake.

"Odi muno! Wodwala uja ali kuti?"

Teleza anatukula mutu. Pakhomo panaima mnyamata wamtali, malaya atanyowa m'mapewa, chikwama cha laputopu chili kumsana.

"Kuchipatala ndi kumtunda uko, achimwene."

"Ayi achemwali, odwala anga ine ndi makompyuta. Ndine Peterson, andilemba kumene ntchito kuchokera ku Limbe."

Anagwada pansi pa tebulo, nagwiragwira mawaya, ndipo posakhalitsa sikirini inawala. Podzuka anamuyang'ana Teleza m'maso.

"Iyi yachira. Koma ine mwandipatsira matenda ena, a mtima. Nanga amenewa achiza ndani?"

Teleza anaseka atagwira pakamwa. Anyamata a m'tauni, pakamwa ngati uchi! Komabe poweruka madzulo, akudutsa m'kanjira ka pakati pa tiyi, anadzipeza akumwetulira yekha.

Ofesiyo inali ndi intaneti, yodzera pa mbale yaikulu ya setilaiti imene inali padenga. Nthawi ya nkhomaliro mabwana akapita kunyumba zawo, Peterson ankabwera ndi laputopu yake n'kukhala pa tebulo la Teleza. Tsiku lina mtsikanayo anasuzumira. Anaona dziko lachilendo: mapiri ofiirira, zilombo za mapiko, tianthu tonyamula malupanga tikuthamangathamanga.

"Imeneyi ndi gemu ya pa intaneti," anatero Peterson. "Tianthu tonseti, kuseri kwake kuli anthu enieni. Wina ali ku Joni, wina ku Mangalande. Kangaka ndi aka, dzina lake Mkango. Ndikupangire kako?"

Anaika gemuyo mu kompyuta ya mu ofesi, namupangira kamtsikana ka mkanjo woyera, kodziwa kuchiritsa anzake ovulala. Anakatcha Duwa.

"Ine ndizimenya nkhondo, iwe uzindipoletsa mabala. Popanda iwe, Duwa langa, Mkango ndi mphaka chabe."

Gemuyo inkatuma osewera ntchito zosiyanasiyana zotchedwa makwesti: kukapha chilombo chakuti, kukapereka kalata kumudzi wakuti. Zinali zambiri moti Teleza ankasochera. Peterson anamuikira kapulogalamu kena kowonjezera, kopangidwa ndi osewera anzawo. Kankandandalika makwesti onse m'mbali mwa sikirini, n'kuonetsa muvi woloza kopita. Kwesti ikatha, kankalemba tsiku ndi dzina la amene wamaliza naye, ndipo pansi pake pankakhala malo oti awiriwo alemberane mawu. Teleza anakapatsa dzina loti Kalondolondo.

M'malo amenewo ndi mmene chikondi chawo chinakulira.

"Kwesti iyi yatha, koma yokukonda iwe sidzatha."

"Ngakhale intaneti itaduka, waya wa mtima wanga ndi wako sudzaduka, switi wanga."

Teleza ankawerenga mawuwo kawiri, katatu, mpaka kalongonda amene wabweretsa m'kontena ankazizira osadya. Kodi analipo mtsikana wina m'Thyolo yense wokondedwa chotere?

Loweruka lokha ndi limene sankaonana. Teleza anali wa mpingo wa Sabata, ndipo Peterson ankakwera minibasi Lachisanu madzulo kupita ku Limbe, akuti kukaona amayi ake odwala shuga. Koma ngakhale ali kumeneko foni ya Teleza inkalira.

"Thupi lili kuno kwa amayi, mtima ndausiya pa benchi yako m'tchalitchimo. Undipempherere, bebi."

Mu Epulo kunabwera kalata. Sukulu ya unamwino ya ku mishoni, imene Teleza anafunsirako malo kawiri konse, inali itamutenga. Anathamanga nayo kwa Peterson akudumphadumpha. Koma nkhope ya mnyamatayo inagwa.

"Zaka zitatu, Teleza? Undisiya ndekha m'tiyi muno zaka zitatu? Pobwerera udzandipeza kumanda."

"Nanga ndichite chiyani, Peter?"

Anamugwira manja onse awiri. "Tamvera. Mu gemumu muli kwesti yaitali, ya mphete. Anthu awiri akaimaliza limodzi, aliyense amalandira mphete yagolide. Ndikukulonjeza pamaso pa Mulungu: tikafika kumapeto kwake, ankhoswe anga akakhala ali pakhomo pa amalume ako. Mphete ya mu gemu, kenako yeniyeni."

Teleza analira, kenako analemba kalata yokana malo aja. Amalume ake, a Yesaya, amene anamulera makolo ake atamwalira, anapukusa mutu atamva. Koma atauzidwa kuti kukubwera alendo a ulemu Lamulungu lomaliza la mwezi wa Juni, mtima wawo unakhala pansi, nayamba kuuza abale.

Lachinayi la sabata imeneyo kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inaphimba minda moti ngakhale chumuni cha fakitale sichinkaoneka. Pa kwesti ya mphete panali patatsala gawo limodzi lokha. Nkhomaliro itakwana, Teleza anatsegula gemu mwachimwemwe.

Gemuyo inayamba ndi kukoka zatsopano kuchokera pa intaneti, monga inkachitira eni ake akasinthamo zinthu. Itatseguka, Kalondolondo anali atapenga. Muvi unkangozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mndandanda wa makwesti unali mbee, ndipo pakati pa sikirini panatuluka zilembo zofiira.

"Iii, lero lomwe lino?"

Anatuluka mu gemu n'kulowanso. Chimodzimodzi. Anamuzimitsa Kalondolondo n'kumuyatsanso. Zilembo zofiira zomwe zija! Miyezi isanu ndi umodzi inali itamuphunzitsa zambiri, choncho anapita pa tsamba limene osewera amathandizirana nzeru. Wina analemba kuti kapulogalamuko kakalamba, pakufunika katsopano. Anakakoka, intaneti ikuyenda ngati birimankhwe chifukwa cha mitambo. Muvi unasiya kuzungulira, koma mndandanda unakhalabe wopanda kanthu.

Anawerenganso. Wina anati faelo imene kapulogalamuko kamasungiramo zonse yawonongeka, ndipo njira yachidule ndi kukopera foda yonse kuchokera pa kompyuta imene zikuyenda bwino.

Nthawi yomweyo Peterson anasuzumira pakhomo, jekete ili kumutu.

"Dali, andiitana ku fakitale, makina a sikelo avuta. Nkhope yatani?"

"Kalondolondo wafa. Wako akugwira?"

"Wanga ndinakonza m'mawa." Anayang'ana wotchi, natsegula laputopu mwachangu, nakopera foda yake yonse pa fulashi. "Ingoika iyi m'malo mwa yakoyo. Koma mphetezo tione mawa, wamva? Netiweki ya lero siidalirika."

Anamupsompsona pachipumi, ulendo.

Teleza anachotsa foda yake, naika ya Peterson. Atatsegula gemu anawomba m'manja. Mndandanda unabwerera, muvi unaloza bwinobwino, zofiira zija zitachoka!

Kenako anaona kuti makwestiwo si ake. Pamwamba panalembedwa dzina la Mkango. Kalondolondo anali atadzuka ndi mutu wa Peterson, akukumbukira zonse zimene mwini wake anachita.

Anati atseke, koma diso linagwera pa mzere umodzi. Kwesti ya mphete: yatha.

Yatha? Yatha liti, poti gawo lomaliza anali asanalichite? Anadina pamenepo. Loweruka, pa 14 Malichi. Wamaliza naye: Joan.

Mwina ndi mlendo chabe, wa ku Joni kapena kwina. Mwina kapulogalamuka kakadali kosokonekera. Anatsegula malo a mawu aja.

"Kwesti iyi yatha, koma yokukonda iwe sidzatha, Joan wanga."

Anatsika m'munsi. Loweruka lina, Joan. Loweruka linanso, Joan. Kuyambira chaka chatha, iye asanamudziwe n'komwe Peterson, mpaka Loweruka lapitali. Pamene iye ankagwada m'tchalitchi kupempherera mayi wodwala shuga, Mkango ankathamanga m'mapiri ofiirira ndi wina!

"Ngakhale intaneti itaduka, waya wa mtima wanga ndi wako sudzaduka."

Ngakhale chilembo chimodzi sanasinthe.

Pansi pa kwesti ina ya mu Meyi, Joan anali atafunsa: "Kodi Duwa amene umayenda naye mkati mwa sabatayu ndi ndani?"

Ndipo Peterson anayankha: "Usachite nsanje, mayi wa ana anga. Ameneyo ndi Mabvuto, mnzanga wa kuntchito. Ndi mwamuna, amangokonda kusewera ndi kamunthu kakakazi."

Mawu omaliza a Peterson anali a masiku asanu okha apitawo: "Telala wati suti itha mawa. Pa 8 Ogasiti pakuchedwa bwanji, mkazi wanga!"

Teleza sanakuwe. Anangokhala, maso ali pa sikirini, misozi ikugwera pa mabatani. Sukulu ija! Kalata ija anailemba ndi dzanja lake lomwe!

Peterson anabwerako cha m'ma thuu koloko akuimba kamluzu, ali ndi nthochi ziwiri m'manja.

"Wakonza, injiniya wanga? Ndakugulira..."

"Ndakonza. Bwerani mudzaone mmene akugwirira ntchito."

Atamva "bwerani" ameneyo, kamluzu kanathera pakhosi. Anayandikira, nayang'ana pa sikirini. Nthochi imodzi inagwa pansi.

"Teleza, imeneyo ndi gemu chabe. Anthu amalemba zilizonse mmenemo."

"Suti ya kwa telala ndi ya mu gemunso? Pa 8 Ogasiti Mkango ndiye akukwatira?"

"Tamvera kaye, switi..."

"Musanditchule choncho! Ine si Mabvuto kodi? Si ine mwamuna mnzanu wa kuntchito?" Analoza sikirini. "Kukhala ndi wina, ndikanati ndi mmene amachitira amuna. Koma inu munandifufuta, a Peterson. Munandivula ngakhale dzina langa kuti mkazi wanu agone tulo!"

Peterson anatseka chitseko, nagwada pa simenti yozizira.

"Joan ndi wakale, makolo ndi amene akukakamiza. Amene ndimamukonda ndi iwe, Mulungu akuona. Ndimafuna ndipeze njira yothetsera."

"Amayi anu amadwaladi shuga?"

Anayang'ana pansi. "Amadwala... nthawi zina."

"Nanga Lamulungu likubwerali, kwa amalume kukafika ndani?"

Peterson anatola nthochi imene inagwa ija.

"Ndikufunsa! Ankhoswe anuwo ndi ndani? Mayina awo?"

"Ndimati ndikuuze mawa kuti tisunthe tsiku pang'ono."

Teleza anaseka, kuseka kowawa kuposa kulira. "Mawa. Ngati mphete zija."

Anatembenukira ku kompyuta. Mu gemumo munali njira yotumizirana makalata, ndipo dzina la wolandira anali nalo. Peterson ataona zimene akulemba anadzuka msangamsanga.

"Teleza, chonde, usatero! Undiwonongera zonse!"

"Mukandigwira dzanja ndikuwa, alonda abwere."

Analemba pang'onopang'ono, kuti asalakwitse ngakhale liwu limodzi:

"Achemwali a Joan, ine ndine Duwa. Dzina langa ndi Teleza, ndine mkazi ngati inu nomwe. Mawu onse amene anakulemberani, anandilemberanso ine. Anandilonjeza chinkhoswe Lamulungu lino. Sindikulimbirana nanu, mutengeni. Ndangofuna kuti pa 8 Ogasiti mukalowe m'tchalitchi maso ali otsegula."

Anatumiza. Anazula fulashi ija naiika pa tebulo, natenga juzi yake.

"Bwana akafunsa, muwauze kuti ndadwala. Kunama mumatha."

Kunja chiperoni chinali chikuwazabe. Azimayi otchola tiyi ankatsika m'mizere, madengu ali kumsana, atavala mapepala apulasitiki. Mmodzi anamupatsa moni, koma Teleza anangodutsa. Foni inalira m'thumba. "Bebi ndikhululukire." Inaliranso. "Popanda iwe ndifa." Kachitatu sanawerenge.

Atafika pansi pa mtengo wa bulugamu pamphambano, anaima. Panatsala chinthu chimodzi, cholemera kuposa zonse. Anafufuza nambala, naimba.

"Halo, Teleza mwana wanga!" Mawu a amalume a Yesaya anali odzaza chisangalalo. "Wachita bwino kuimba. Azakhali ako a ku Chimaliro afika kale, pakhomo pano tasesa mpaka kumsewu. Mbuzi ija ndamangirira, yanenepa bwanji! Kodi alendowo abwera angati, tidziwe mipando?"

Teleza anatsamira mtengo uja.

"Halo? Ukundimva?"

"Amalume..." anatero Teleza. "Mbuzi ija musaiphe. Kulibe amene akubwera."

Teleza anakanikiza foni kukhutu. Ankangomva tambala akulira chapatali, ndi mawu a azakhali ake akufunsa kuti kwagwanji. Anadikira kukalipiridwa. Anadikira kumva za sukulu ija, za manyazi amene wawaika nawo pamaso pa mudzi wonse.

"Wakupweteka?" anafunsa amalumewo motsitsa.

"Thupi ayi."

"Uli pati panopa?"

"Pamphambano, pa esiteti."

"Usabwererenso ku ofesiko lero. Kwera minibasi yoyamba imene ipezeke, ubwere kwanu." Anakhosomola, ndipo Teleza anadziwa kuti nawonso akulimbana ndi misozi. "Mbuziyo tiipha ndithu, mwana wanga. Tidya tokha, eni ake."

Apo ndi pamene Teleza analira mokweza, atatsamira bulugamu uja, mvula ikumunyowetsa, dzanja limodzi litakwezedwa kuimitsa minibasi imene inkatulukira mu nkhungu.