Mafuno Abwino kwa Levi ndi Olive

"Nazale wanga, mawu alionse amene udzalandire kwa ine adzakhala anga. Ndikadzatopa nawe sindidzatuma munthu. Ndidzakuuza ndekha, ndi pakamwa pangapa."

Levi analankhula zimenezi pa siteji ya Nkhamenya, pansi pa mtengo wa mango, tsiku limene Dyna ankanyamuka kupita ku Ayalandi kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Kondakitala anali atayamba kale kumenya chitseko cha minibasi.

"Inenso chimodzimodzi," anatero Dyna, misozi ili chuchuchu. "Mawu obwereka ayi."

Dzina loti Nazale linachokera kudambo, kumene awiriwa anakumana akuthirira mbande za fodya. Levi sankadziwa kufunsira. Anangoti, "Iwe uli ngati nazale. Ndikapanda kukuona m'mawa ndi madzulo, zonse zawonongeka." Dyna anaseka mpaka madzi anamutayikira m'miyendo. Mnyamata wanji wofanizira mtsikana ndi bedi la fodya? Koma dzinalo linakhazikika.

Zaka zinadutsa, zambiri kuposa zimene anapangana. Mapepala okhalira kunja ankachedwa, ndipo kubwera kumudzi asanatuluke kukanatseka njira yobwererera. Chimene chinkamulimbitsa mtima Dyna m'dziko lozizira lija chinali foni.

Poyamba mauthenga a Levi anali ngati mwini wake, aafupi ndi opanda mafuta.

"Nazale wadzuka bwa. Mvula yadula. Mbuzi za a Tsoka zalowanso mmunda. Ndakusowa."

Tsiku lina analemba kuti, "Uthenga wako ndauikira belu la njinga. Likalira ndimadziwa kuti ndi iwe, ndimasiya khasu."

Kenaka mauthenga aja anayamba kunona.

"Mfumukazi ya mtima wanga, ngakhale nyanja zatilekanitsa, chikondi chathu ndi nyali yosazima. Kugunda kulikonse kwa mtima wanga kumatchula dzina lako."

Ha! Levi yemwe uja? Dyna ankawerenga mobwereza akudikira basi pachisanu, ndipo ankawamasulira anzake a kuntchito monyadira. Sanadzifunse kuti mbuzi za a Tsoka zinapita kuti. Sanadzifunsenso kuti dzina loti Nazale linafera pati. Ndani amafufuza uchi uli pakamwa?

Mapepala atatuluka, anaganiza zobwera osamuuza. Ankafuna kuona nkhope yake ikudabwa.

Anatsika pa Nkhamenya m'mwezi wa Julaye, mphepo ikuulutsa fumbi ndi majumbo. Mtengo wa mango uja kunalibe. Pamalo pake panali kanyumba ka malata kotchajira mafoni. Njira yonse ya kumudzi, pa njinga yamoto, Dyna ankafunafuna nkhalango imene ankatolamo masuku ali mwana. Anangoona zitsa, minda yokololedwa ndi zigafa zotsamira mbali imodzi ngati anthu oledzera. Fodya anadya mitengo yonse, koma eni fodyayo anali owonda monga anawasiyira.

Mayi ake anamulandira ndi nthungululu, koma maso awo ankathawa. Fainess, mng'ono wake, anamukokera kuchipinda asanamasule n'chikwama chomwe.

"Asisi, khalani kaye pansi."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Onani izi."

Pa foni ya Fainess panali chithunzi chozunguliridwa ndi maluwa. Levi atavala malaya a chitenje, pambali pake mtsikana wa chitenje chofanana. Chinkhoswe cha Levi ndi Olive, Loweruka likubwerali.

"Olive ndi ndani?"

"Wa kanyumba kotchajira mafoni pa siteji paja."

"Koma Levi wandilembera sabata yomwe ino! Ndikuwerengere?"

"Musandiwerengere, asisi."

"Nonse mumadziwa?"

"Mudzi wonse. Kungoti palibe amene amafuna kukhala woyamba."

Dyna sanalire. Anangoyang'ana malaya amene anagula ku Ayalandi kuti adzam'patse Levi, ali m'pulasitiki yawo.

M'mawa mwake Fainess anabwera ndi nkhani ina.

"Amayi akuti muwalembere Levi ndi Olive mafuno abwino, ndipo Loweruka mukaoneke."

"Ine? Ndiwafunire zabwino?"

"Mwaiwala kwanu kuno, eti? Mukakhala chete, Olive akangomva mutu anthu adzati ndi inu, mwabwera ndi mankhwala a kunja. Mwana akachedwa m'banjamo, dzina lanu lomwelo. Inu mudzakwera ndege. Amayi ndi amake a Levi amakhala benchi imodzi kutchalitchi."

Dyna anatenga foni. Analemba kuti, "Levi, ndikukufunira zabwino zonse, galu iwe." Anafufuta. Analembanso, "Olive, samala, amene wamutengayo…" Anafufutanso.

Fainess anaseka, ngakhale sichinali choseketsa.

"Inu a kunja simudziwa AI? Kuno timangoti kalaliki wa m'foni. Ngakhale a mlembi a kwaya zolengeza zawo amalembetsa kumeneko. Mumangomuuza chimene mukufuna, iye mtima sumupweteka."

Dyna ankamudziwa kalalikiyo. Kuntchito ankamugwiritsa ntchito pokonza Chingerezi cha malipoti. Sanaganizepo kuti angalowe mpaka m'nkhani za mtima, m'Chichewa, kumudzi wa ku Kasungu kumene magetsi safika.

Analemba: "Ndilembere uthenga wa mafuno abwino a chinkhoswe."

Makinawo anayankha mwaulemu. "Kuti uthengawu ukhale wochokera pansi pa mtima, ndiuzeni: awiriwa mumawadziwa bwanji? Pali chimene mumakumbukira za iwo?"

Linali funso loyamba labwino limene Dyna anafunsidwa chifikireni. Zala zinathamanga zokha.

"Mwamunayo ndi Levi. Tinakumana tikuthirira mbande. Ndamudikira zaka zonse za utsikana wanga ndikusambitsa agogo a anthu ena. Ndakana amuna. Mkaziyo ndi Olive, sindimudziwa. Uthengawo usaonetse kuti ndapwetekeka. Amayi anga akhale pa mtendere m'mudzi muno."

Yankho linabwera nthawi yomweyo.

"Levi ndi Olive, ndasangalala kumva za chinkhoswe chanu. Chikondi chanu chikhale nyali yosazima, ndipo kugunda kulikonse kwa mitima yanu kukukumbutseni lonjezo la tsiku limeneli."

"Eee, zabwinotu!" anatero Fainess. "Tumizani."

Dyna anauwerenganso. Nyali yosazima? Kugunda kulikonse?

Analembanso, kuti awayese makinawo: "Ndine mlimi wa fodya. Bwenzi langa lili kunja. Ndilembere uthenga wachikondi."

"Mfumukazi ya mtima wanga, ngakhale nyanja ndi mapiri zatilekanitsa…"

Anagwetsa foni pamphasa. Mayo ine! Ndiye kuti nthawi yonse ija ankamwetulira yekha podikira basi, ankamwetulira makina?

"Asisi, mukupita kuti?"

"Kukamva pakamwa pa munthu."

Anamupeza Levi kuseri kwa chigafa, akudinda mabelo otsiriza pa jeke pamodzi ndi aganyu awiri. Anali atanenepa pang'ono. Manja ake anali akuda ndi utomoni wa fodya, monga kale. Atamuona, chitsulo cha jeke chinamupulumuka.

"Dyna! Mwa… mwafika liti?"

"Mwafika? Ndasanduka apongozi ako?"

Aganyu aja anaweramira pa chiguduli, makutu ali tcheru.

"Levi, sindinabwerere nkhondo. Ndiuze uthenga umodzi wokha umene wanditumizira chaka chino."

"Aaa, ndi wambiri."

"Umodzi. Unati chikondi chathu ndi chiyani chosazima?"

Levi anayang'ana kudenga la chigafa ngati yankho lapachikidwa pa mikangala yoyanikira fodya.

"Moto?"

Dyna anaseka. Kunali kuseka kowawa, koti munthu akakumva amasiya zimene akuchita.

"Foni yako ili kuti?"

"Ili ku tchaji. Ukudziwa kuno kulibe magetsi. Komanso manja awa, taona, ukagwira galasi la foni limangomata."

"Chabwino. Foni palibe, makina palibe. Pakamwa pako ndi apo, makutu anga ndi awa. Unalonjeza pansi pa mango paja. Ndiuze kuti watopa nane, ndizipita."

Levi anapukuta manja pa buluku. Kwa kanthawi Dyna anaona mnyamata wa kudambo uja, ndipo mtima wake wopusawo unadumpha.

"Nazale…"

"Usanditchule dzina limenelo ngati sumaliza."

"Pano pali anthu. Ndibwera kwanu Loweruka lisanafike. Ndidzakuuza zonse ndekha. Ndikulonjeza."

Dyna anadikira. Ankasesa pabwalo posesedwa kale. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kumsewu ankaimirira, ikadutsa ankakhalanso. Uthenga wa makina uja unali m'foni, wosatumizidwa. Fainess akaufunsa, ankangoti, "Ayambe wabwera." Kodi n'chiyani chimene ankapempha? Sankafunanso ukwati. Ankangofuna mawu awiri kapena atatu, oipa, osakonza, koma a Levi.

Loweruka linafika. Levi sanabwere.

Chinkhoswe chinali kwawo kwa Olive, kupitirira Chamama. Anamanga tenti ya buluu pakati pa minda, zokuzira mawu zikulira ndi jenereta. Mayi ake a Dyna anamukhazika kutsogolo, poti aliyense amuone kuti alibe chifukwa.

"Mwetulira, mwanangu," ananong'ona. "Ndi lero lokha."

Azimayi ankamupatsa moni wautali kuposa muyeso.

"Mwatipeza, a ku Ulaya! Koma mwayera bwanji! Nanga azibambo a kumeneko simunabwere naye mmodzi?"

"Amaopa fumbi," anayankha Dyna.

Ankhoswe atamaliza malonje, woyendetsa mwambo anakuwa pa maikolofoni.

"Tsopano tione ngati mnyamatayu akumudziwadi mkazi wake, kapena amangomuonera pa foni!"

Anthu anafa nacho chiseko. Atsikana analowa m'bwalo mondondozana, aliyense atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Azakhali a Olive anali akatswiri pa masewerawa. Onse anawasankha a msinkhu umodzi, ndipo anawaveka masokosi ofanana kuti zala za kumapazi zisaulule.

Levi anazungulira. Anaima pa woyamba, anthu n'kukuwa, "Wapsa!" Anasunthira kwa wina, "Wapsanso!" Thukuta linayamba kutsika. Akalakwitsa, a kuchimuna achita manyazi ndipo nyimbo zomunyoza zinali zokonzeka kale.

Dyna ankamuyang'ana. Mwamuna amene anamuwolokera nyanja anali pakati pa bwalo, akufunafuna mkazi wina ndi mtima wake wonse. Panatsalanso chiyani choti adikire?

"Asisi, anthu akufunsa pa gulu la m'mudzi la pa foni kuti mawu anu ali kuti," anatero Fainess.

"Ayambe walandira mwini wake."

Anatsegula uthenga uja. Nyali yosazima. Kugunda kulikonse. Sanasinthe ngakhale liwu limodzi. Anasankha nambala ya Levi n'kutumiza.

Ngiriii! Ngiriii!

Belu la njinga linalira pakati pa bwalo. Silinalire m'thumba la Levi. Linalira pansi pa chitenje cha mtsikana amene anaima kumapeto.

Levi anatembenuka. Belu limenelo ankalidziwa, ndipo ankadziwa amene amaliliza. Maso ake anafika pa Dyna, n'kukhalapo kamphindi. Kenaka anayenda molunjika kumapeto kwa mzere n'kuvundukula chitenje.

Olive! Nthungululu zinang'amba tenti.

"Zachinyengo izi!" anakuwa azakhali aja akuseka. "Foni yamuthandiza!"

"Foni ya mwamuna ikakhala kwa mkazi, ndiye kuti banja layamba kale!" anayankha woyendetsa mwambo, anthu n'kuwomba m'manja.

Dyna sanamve zotsatira. Anangoona m'maganizo kanyumba ka malata kaja pa siteji, mafoni ali ndandanda pa tchaji, ya Levi ili pakati, belu la njinga likulira tsiku ndi tsiku m'manja mwa mtsikana amene anali ndi nthawi, zala zoyera, ndi chifukwa chofunira kuti Dyna akhale phee kutali komweko.

Mwambo unapitirira. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi. Olive anapatsidwa lichero ndi mthiko, n'kuziika pambali pa mpando wake. Levi anapatsidwa khasu ndi nkhwangwa, ndipo wojambula anamuuza kuti aimirire, azigwire bwino, chimodzi dzanja ili china dzanja ilo, asasunthe.

Olive anaweramira pamiyendo pake. Zala zake zinayenda mofulumira, ngati za munthu wozolowera.

Foni ya Dyna inanjenjemera. Uthenga wochokera kwa Levi.

"Wokondedwa Dyna, zikomo chifukwa cha mawu ako okhudza mtima. Udzakhalabe gawo lamtengo wapatali la ulendo wa moyo wanga. Nthawi zina njira zimasiyana kuti aliyense apeze kuwala kwake. Ndikukufunira zabwino zonse."

Dyna anadzutsa mutu. Levi anali chiimire, khasu kumanja, nkhwangwa kumanzere, akumwetulira kamera.

"Wayankha?" anafunsa Fainess. "Wati chiyani?"

"Wathokoza."

Uthenga wa Dyna analemba ndi makina. Yankho la Levi analemba ndi makina, pa foni yake, ndi zala za Olive. Levi sanamuuze kanthu ndi pakamwa pake, tsiku limenelo kapena lina lililonse.